AMPHAKA AKAMENYANA, ENI AKE ASADANE

Abale athu a ku Area 25, ndi inu nonse amene mukhala ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23 ndi ku Mgona, mwezi uno tifuna kucheza nanu za kanthu kamene ambiri akayesa kachabe, koma kakhoza kudanitsa mabanja amene akhala zaka zambiri akupatsana moto ndi mchere. Kanthuko ndi ndewu ya amphaka.

Ndani wa inu amene sadadzidzimukepo pakati pa usiku ndi phokoso la padenga? Malata agunda, chinthu chilira ngati khanda lotayidwa panja, agalu a mzere wonse ayamba kuuwa. Kutacha mupeza mphaka wanu ali gone pakhonde, khutu litang'ambika, mwendo akutsimphina, ndipo ana anu agwetsa misozi pomuona. Mukakweza maso muona mphaka wa anansi anu ali pamwamba pa mpanda, akudzinyambita ngati sadziwa kanthu. Pamenepo mtima uwawa, ndipo mawu oyamba amene afika pakamwa sakhala abwino.

Tiyerekeze nyumba ziwiri zogundana mpanda. M'nyumba yoyamba mayi adatenga kamphaka chifukwa makoswe adali kuboola matumba a chimanga chochokera kumudzi. M'nyumba yachiwiri muli mphaka wamphongo, wamkulu mutu, amene akhala pamalopo zaka zambiri. Amphakawo amenyana kamodzi, amenyananso kawiri. Mnyamata wa m'nyumba yoyamba agenda mphaka wa eni ake ndi chiduswa cha njerwa. Mwana wa m'nyumba yachiwiri aona, nakanena kwa amake. Mawa lake amayi awiriwo akumana pampopi, koma moni palibe. Pakapita sabata wina amveka akuti, "Mphaka ameneyu sabwera yekha, ngwotumidwa." Pakapita mwezi bambo wina ayamba kufunsa mtengo wa tameki pamsika. Taonani, nkhani imene idayamba ndi khutu la mphaka yafika pa ufiti ndi pa poizoni. Tsono tiyeni tione chimene amphaka amenyanira, kuti tidziwe m'mene tingathetsere ndewuyo isadalowe m'nyumba zathu.

CHIFUKWA CHAKE AMENYANA

Mphaka sali ngati galu. Makolo a galu adali kuyenda m'magulu, ndipo mpaka lero galu akonda anzake. Koma kholo la mphaka ndi nyama yoyenda yokha. Mu 2007 akatswiri amene adayeza amphaka a m'maiko ambiri adaonetsa kuti amphaka onse a pakhomo adachokera kwa mphaka wa kuthengo wa kumaiko a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, mbale weniweni wa vumbwe wathu uja agwira nkhuku kumudzi. Pamene anthu akale adayamba kulima ndi kusunga dzinthu, mbewa ndi makoswe zidadza ku nkhokwe, ndipo amphaka adatsata makoswewo. Pa chilumba cha Cyprus padapezeka manda a zaka ngati 9,500 m'mene munthu adaikidwa pamodzi ndi mphaka, ndipo nkhani yake idalengezedwa mu 2004. Chotero mphaka wakhala ndi ife nthawi yaitali ndithu. Koma mtima wa vumbwe sudamchoke. Afuna dera lakelake, losakamo yekha, lodyeramo yekha, logonamo wopanda mantha.

Dera limeneli mphaka alilemba ndi fungo. Mukamuona akukhula masaya ake pa mwendo wa tebulo, kapena akukala mtengo wa mango ndi zikhadabo, kapena akuthira timkodzo pa chitseko mchira uli chilili, dziwani kuti akuika zizindikiro za malire ake. Mphaka wina akadutsa anunkhiza, nadziwa amene adapita pamenepo ndi nthawi imene adapita. Malire amenewa satsata mapepala a puloti, ndipo mpanda wa njerwa umene inu muuyesa malire, kwa mphaka ndiwo msewu waukulu.

Kumudzi, kumene nyumba zitalikirana ndipo minda ili ponseponse, amphaka apeza malo okwanira. Koma Lilongwe, chiyambire kukhala likulu la dziko mu 1975, wadzaza kwambiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mumzindawu. Ku Area 25, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, puloti imodzi ikhoza kukhala ndi nyumba ya eni ake kutsogolo ndi mabanja atatu kapena anayi a lendi kumbuyo. Banja lililonse lili ndi thumba lake la ufa, dzala lili limodzi, makoswe ndi ambiri, ndipo amene atopa nawo aweta mphaka. Motero malo amene kumudzi akadakhala a mphaka mmodzi, m'tauni alimbirana amphaka asanu. Adanena akuluakulu kuti walira mvula walira matope: tidafuna mlonda wa chimanga chathu, tilandirenso khalidwe lake.

Zimene amphaka alimbirana ndi zitatu. Choyamba ndi malo, monga tanena. Chachiwiri ndi chakudya: mbale ya mkute ndi mitu ya usipa yosiyidwa pakhonde iitana mphaka aliyense wa m'deralo, ndipo mwini khonde sangalole. Chachitatu, chimene chibweretsa ndewu zoopsa koposa, ndi akazi. Mphaka wamphongo wosafula ayenda mtunda wautali kufunafuna wamkazi, adutsa m'mapuloti ambiri, ndipo paliponse akumana ndi mnzake wa cholinga chomwecho.

KULIRA KWA USIKU SI UFITI

Pano tinene mosabisa. Kulira kuja kofanana ndi kwa khanda, kumene kuchititsa nthumanzi anthu ambiri, ndi mawu a mphaka wamkazi amene nthawi yake yofuna wamphongo yakwana, kapena a amphongo awiri amene akuopsezana. Amphaka alira chomwecho ku London ndi ku Johannesburg, m'nyumba za anthu amene sadamvepo za kutumizirana amphaka. Abwera padenga lanu usiku chifukwa maso awo aona bwino m'kamdima, ndipo nthawi ya madzulo ndi ya mbandakucha ndiyo nthawi yawo yosaka. Mphaka wakuda sasiyana ndi woyera kanthu koma ubweya.

Chifukwa chake chenjerani ndi lilime. Kawirikawiri amene atchulidwa mfiti chifukwa cha mphaka ndi agogo okhala okha, amene mphakayo ndiye wocheza naye. Mawu otere akatuluka sabwerera, ndipo aika moyo wa munthu wosalakwa pangozi. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza za ufiti liyesa mlandu kutchula munthu wina kuti ndi mfiti. Munthu akhoza kulowa m'khoti chifukwa cha phokoso la padenga.

Palinso china chotonthoza mtima. Amphaka eni ake sakonda kumenyana, pakuti nyama yosaka yokha ikavulala ifa ndi njala. Phokoso lambiri limene mumva ndi loopsezana chabe: apinda msana ngati uta, aimika ubweya, agoneka makutu, ayang'anizana nthawi yaitali, mpaka mmodzi achoka pang'onopang'ono. Katswiri wa ku Germany, Paul Leyhausen, amene adapenyetsetsa makhalidwe a amphaka zaka zambiri, adalongosola kuti amphaka oyandikana agawana njira imodzi mwa nthawi: uyu adutsa m'mawa, uyo adutsa madzulo, ndipo sakumana. Ndewu zichuluka makamaka pamene mphaka watsopano wafika, kapena kamphaka kakula. Akazolowerana, nthawi zambiri zichepa. Ntchito yathu ndiyo kuwathandiza kuti agawane msanga.

ZOOPSA ZIMENE NDEWU IBWERETSA

Komatu tisanyozere, pakuti pamene alumana pali zoopsa zitatu. Mano a mphaka ndi osongoka ngati singano. Aboola khungu, bala litseka pamwamba, koma tizilombo tatsala m'kati. Pakapita masiku awiri kapena anayi malowo atupa, atentha, nasanduka chithupsa chodzaza mafinya. Mphaka aleka kudya, nabisala. Mukaona bala, litsukeni ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, ndipo likatupa pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Koma musampatse Panado ayi, ngakhale kachidutswa. Mankhwala amenewa, amene athandiza ife, kwa mphaka ndi poizoni: thupi lake silitha kuwasungunula, ndipo piritsi limodzi likhoza kumupha.

Choopsa chachiwiri ndi kachilombo kotchedwa FIV, kamene Niels Pedersen ndi Janet Yamamoto adakapeza ku California mu 1986. Kafooketsa chitetezo cha m'thupi la mphaka, ndipo kafala makamaka polumana. Chifukwa chake amphongo okonda ndewu ndiwo akatenga kwambiri. Kameneka sikagwira munthu.

Chachitatu ndicho chachikulu: chiwewe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO liti matendawa apha anthu ngati 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi mu Asia, ndipo pakati pawo pali ana ochuluka. Pafupifupi onse awatenga kwa agalu, koma mphaka nayenso adwala chiwewe akalumidwa, ndipo akhoza kupatsira amene amgwira. Zizindikiro zikaoneka mwa munthu, kuchira kulibe. Chotero musalekanitse amphaka omenyana ndi manja, ndipo muwauze ana anu zomwezo. Mphaka waukali saona kuti dzanja ili ndi la mbuye wake. Ombani m'manja, gogodani chidebe, kapena athireni madzi ozizira muli patali. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone ngati litupa. Katemera woperekedwa msanga apulumutsa. Njira imeneyi idayamba ndi Louis Pasteur, amene adapulumutsa nayo mnyamata Joseph Meister mu 1885. Mphaka wolumayo asungidwe potseka masiku 10 ndipo a zaziweto adziwitsidwe.

ZOYENERA KUCHITA PAKHOMO PANU

Musadapite kwa anansi, yambani mwakonza kwanu.

Choyamba, dyetsani mphaka wanu m'nyumba, ndipo akatha chotsani mbale. Vundikirani ndiwo, kwirirani minga ya nsomba kudzala. Mlendo amene sapeza kanthu aleka kubwera.

Chachiwiri, mtsekereni m'nyumba dzuwa likalowa, mumtulutse kutayera. Muikireni kabokosi ka mchenga pakona kuti adzithandizirepo, ndipo mchengawo muzisintha. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi. Masiku oyamba adzalira pachitseko, koma mukamzoloweza kudya madzulo adzabwera yekha. Kumbukirani kuti makoswe amene mudamtengera ali m'nyumba momwemo, kumene kuli matumba, osati padenga la eni ake. Tsekaninso zenera losweka kapena mpata wa pansi pa denga umene mphaka wachilendo alowerapo, pakuti mphaka amene alandidwa ngakhale pogona pake ayamba kukodza m'nyumba ndi mantha.

Chachitatu, ndipo ichi chiposa zonse, mfulitseni. Sitizizwa pofula ng'ombe kapena mbuzi, nanga mphaka tizizwiranji? Mu 1973 Benjamin Hart ndi mnzake Barrett, ku America, adatsata amphaka amphongo ofulidwa atakula kale, napeza kuti mwa amphaka 10 alionse pafupifupi 9 adaleka kapena adachepetsa kwambiri ndewu, kuyendayenda ndi kuthira mkodzo. Wamkazi nayenso atsekedwe. Iye akhoza kutenga bere ali ndi miyezi 5 yokha, bere lake likhala masabata 9, ndipo aswa kawiri kapena katatu pachaka, ana 3 mpaka 5 nthawi imodzi. Werengani nokha kuchuluka kwa amphaka amene adzalimbirana mpanda womwewo pakutha pa zaka ziwiri. Wamkazi wotsekedwa saitananso amphongo padenga lanu. Ena aopa kuti mphaka wofulidwa aleka kugwira makoswe. Si zoona, pakuti kusaka ndi chibadwa china, ndipo iye akhala pakhomo koposa kale. Koma ntchito imeneyi ndi ya dokotala wa ziweto, amene agoneka nyamayo ndi mankhwala. Musayese ndi lumo kuseri kwa nyumba. Mumzinda muno bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene ambiri alitcha LSPCA, lidayamba mu 2008, ndipo kufula, kutseka ndi kubaya katemera agalu ndi amphaka ndi zina mwa ntchito zake. Funsani kumeneko kapena kwa alangizi a zaziweto a boma.

Chachinayi, mbayitseni katemera wa chiwewe chaka ndi chaka, ndipo sungani kapepala kake. Tsiku la 28 Seputembala, limene Pasteur adamwalira mu 1895, ndilo tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa dziko lonse. Mukamva kuti a katemera afika m'dera lanu, musatenge galu yekha. Mphaka mumuike m'dengu lovundikira bwino, apite nawo.

Chachisanu, mphaka wa eni ake akabwera, mpirikitseni mosamvulaza. Madzi a m'kapu akwanira. Akathiridwa kangapo adziwa kuti pano sipabwino. Pamene wathira mkodzo tsukanipo ndi sopo wochapira ndi madzi ofunda, kuti fungo lisaitane wanu kudzathirapo wake. Ndipo wanuyo mumpatse pothawira, monga katoni yoboola kapena pamwamba pa kabati, pakuti mphaka amene ali ndi pobisala samenyana kawirikawiri.

ZA TAMEKI NDI MIYALA

Tsono za poizoni. Tameki sasankha. Nyama yothira mankhwalawa, yoikidwa m'mbali mwa mpanda, idyedwa ndi amene wayamba kuipeza: mphaka wanu yemwe, nkhuku, galu wolondera, kapena mwana wokwawa amene atola chilichonse naika m'kamwa. M'puloti ya mabanja anayi, ndani angalumbire kuti mwana sadzafika pamenepo? Munthu amene adafuna kubwezera khutu la mphaka akhoza kudzetsa maliro pakhomo, ndipo chisoni chotere sichitha moyo wonse. Komanso lamulo la dziko lino loteteza nyama liletsa kuzunza chiweto kapena kuchipatsa poizoni. Ndipo ngakhale mutamupha mphakayo, malo ake sakhala opanda mwini. Pakapita masabata ochepa afika wina, ndewu iyambanso, koma udani ndi anansi anu utsala.

Za miyala, makolo ndinu muyenera kulankhula. Mwana amene aona atate ake akugenda chiweto cha eni ake aphunzira kuti mkwiyo uthetsedwa ndi mwala. Ndipo iye akathyola mwendo wa mphakayo, mlandu udza kwa inu, pakuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu.

KUPITA KWA ANANSI

Mukakonza kwanu, pitani kwa anzanuwo. Musapite m'mawa womwewo mtima uli m'mwamba, ndipo musafuule pamwamba pa mpanda anthu akumva. Musatumenso mwana. Dikirani madzulo, muzungulire kuchipata, muodire monga mwa mwambo, mukhale pansi, mufunsane za moyo. Pamenepo mukhoza kunena motere: "Amayi, ndabwera ndi kankhani kakang'ono. Amphaka athuwa akutisowetsa tulo tonsefe, ndipo ndiopa kuti tsiku lina adzaluma ana athu. Ine wanga ndayamba kumtsekera usiku. Kodi sitingathandizane nzeru?" Onani kuti m'mawu amenewa mulibe "mphaka wanu", muli "amphaka athu". Munthu amene simudamuimbe mlandu alibe chodzitetezera, ndipo kawirikawiri ayankha kuti, "Zikomo mayi, ngakhale ife zatitopetsa."

Mukagwirizana, panganani zinthu zooneka. Onse awiri agone m'nyumba. Kapena ngati amenyana ndi usana womwe, wina atuluke m'mawa, wina masana, monga amphaka eni ake achitira. Asadyetsedwe panja. Apite limodzi kokafulidwa ndi kokabayidwa, ndipo ndalama ya ulendo mugawane. Ngati mmodzi wavulala, musalimbane za amene adayamba, pakuti padenga padalibe mboni. Amene ali ndi pang'ono athandize mnzake. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Zikhoza kuchitika kuti anansiwo akana kumva, kapena anena kuti mphakayo si wawo, angodya pamenepo. Musapse mtima. Zinayi mwa zisanu zimene talemba pamwambapa zili m'manja mwanu nokha, ndipo mphaka wofulidwa, wobayidwa, wogona m'nyumba wapulumuka kale ku zoopsa zambiri. Vuto likakula, kauzeni eni puloti kapena amfumu a dera lanu, kuti nkhani ikambidwe pamaso pa akulu. Ngati mphakayo alibedi mwini, mabanja a mzere umodzi akhoza kusonkha pang'onopang'ono kuti afulidwe ndi kubayidwa, nabwerere pamalo pake kudzagwira makoswe a onse.

Tibwerere ku nyumba ziwiri zija. Mphaka akasamalidwa bwino akhoza kukhala zaka 12 kapena 15; koma anansi mukhoza kukhala nawo mpaka imvi. Iwowa ndiwo adzathamanga mwana wanu akadwala usiku, adzayang'anira nyumba yanu mukapita kumudzi kukakolola, ndipo adzayamba kufika ndi nkhuni tsiku la zovuta. Khutu la mphaka lipola pa masabata awiri, koma mawu oipa onenedwa pampopi akhoza kukhala zaka khumi. Chifukwa chake, abale, ngati pali khomo limene mwaleka kuodirapo chifukwa cha amphaka, musadikire mwezi wamawa. Tsekerani mphaka wanu m'nyumba madzulo ano, ndipo inu mutuluke mukapereke moni.